Botolo Lachitatu la Apongozi Anga

Apongozi anga aamuna ndinkawadziwa bwino ndi zidendene zawo komanso chifuwa chawo. Nkhope yawo ndinkangoiona mwakuba, chapatali, chifukwa kubanja komwe ndinakwatiwa mkamwana, kutanthauza mkazi wa mwana wawo wamwamuna, sayang'anana ndi apongozi aamuna. Salankhula nawo, sakhala nawo pamphasa imodzi, ndipo mukakumana panjira iwe umapatukira m'tchire n'kugwada mpaka adutse. Iwo anali Ankhonde a ku Kaporo amene anasamukira ku Vinthukutu kalekale potsata msipu wa ng'ombe, ndipo mwambo umenewu anabwera nawo wathunthu, ngakhale anansi awo ambiri anali atayamba kuufewetsa.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Kumeneko mwamuna ndiye amabwera kudzakhala pachikamwini, ndipo mkazi amalankhula pakhomo pa amake mmene akufunira. Pakamwa panga mayi anga anapalephera ndidakali mwana. Ndiye tangoganizani ine, nditavala siketi ya kuntchito, kugwada m'zitsamba mutu uli pansi, kudikira kuti nkhalamba ndi ng'ombe zake zidutse. Masiku oyamba ndinkadziseka ndekha. Kenako ndinazolowera, pajatu kwa eni kulibe mkuwe, komanso akuluwo sanandilakwirepo kanthu. Mkaka wa m'mawa ankautumiza kunyumba kwanga kudzera mwa apongozi aakazi, amene ndinkawaitana kuti amama, ndipo ine ndinkabweza kuthokoza kwanga kudzera mwa amama omwewo. Mawu onse a pakati pa ine ndi akuluwo ankayenda choncho.

Mwamuna wanga nthawi imeneyo ankayendetsa galimoto ku mgodi wa Kayelekera, ndipo pakhomo ankaoneka mwezi ukatha. Ine ndinkagwira ntchito ku Chilumba, muofesi ya kafukufuku wa zaumoyo, yolowetsa zotsatira za kulabu m'kompyuta. M'mawa ndinkakwera kabaza n'kusiya mwana wanga wamkazi, yemwe anali atangoyamba kuyenda, m'manja mwa amama. Ndikuti m'manja mwa amama, koma zoona zake mwanayo ankaswera pamiyendo pa agogo ake aamuna. Ankamwera nawo chambiko m'kapu imodzi, ankawakoka ndevu, ndipo tulo ta masana ankagonera pachifuwa pawo. Ndikaweruka ndinkaima kuseri kwa nthochi, amama n'kukanditengera mwanayo, ndipo ankabwera akununkha fodya ndi ng'ombe. Ndinkakondwa nazo, sindinama. Mwana wanga anali ndi munthu womukonda chotero.

Chifuwa chinayamba nthawi yowokera mpunga. Nyengo imeneyo aliyense amatsokomola, anthu ataswera m'madzi ofika m'mawondo, choncho sindinalabadire. Mpunga unakula, unabereka, anthu anayamba kupirikitsa mbalame, chifuwa chili pompo. Nyumba yathu ndi yawo zinangolekanitsidwa ndi nthochi, ndipo m'mawa ndikamasamba ndinkachimva chikuchokera pansi penipeni, chouma poyamba, kenako chonyowa. Chimene chinkandiopsa kwambiri n'chakuti ndikangotulukira pabwalo chinkaleka. Akuluwo ankachimeza. Ndinkaona msana wawo ukugwedezeka, dzanja lili pakamwa, mpaka ine nditadutsa. Jekete lawo la kutchalitchi linayamba kulendewera m'mapewa.

Kuntchito mawu amenewa ndinkawatayipa tsiku ndi tsiku: kutsokomola kosatha, kuwonda, kutuluka thukuta pogona. Ndinkadziwa dzina la matenda amene amayenda ndi mawu amenewa, ndipo ndinkadziwa kuti amapatsirana mumpweya. Ndinamuimbira foni mwamuna wanga.

"Ndi fodya ameneyo," anatero. "Abambo anayamba kutsokomola ine ndisanabadwe."

"Ndiye kuti mwabadwa chaka chino," ndinamuyankha, "chifukwa chifuwa chimene ndikunenachi chayamba ndi mvula yomweyi."

Anaseka, nati ndikambe ndi amama. Amama ndinawakhalira pakhosi mpaka anatopa nane. Anawanyengerera akuluwo, ndipo tsiku lina anapita onse awiri kuchipatala chaching'ono cha kwathuko kukayezetsa chifuwa chachikulu. Kumeneko amapereka timabotolo tiwiri toikamo makhololo, kamodzi kolavuliramo pomwepo, kena kopita nako kunyumba kuti ukalavuliremo podzuka m'mawa. Zotsatira zitatuluka amama anandichingamira kumsewu, ine ndisanatsike n'komwe pakabaza.

"Alibe, mkamwana. Kawiri konse akuti alibe. Mtima ukhale pansi sono."

Tsiku limenelo anaphika mbalagha, nthochi zophikira pamodzi ndi nyama, ndipo mbale yanga anaidzaza dala. Ndinathokoza Mulungu ndi mtima wonse. Kwa masiku angapo ndinkapita kuntchito wopepuka. Koma chifuwa chija sichinamve kuti chayezedwa, chinapitiriza monga kale.

Kuofesi kwathu kunali mayi wina wa ku Zomba, katswiri wa masamu, amene tonse tinkangomuitana kuti madamu. Zimene ine ndinkatayipa zinkathera kwa iwo. Pakafukufuku wathu munthu wotsokomola ankayezedwa njira zingapo: makhololo ankawaona pa maikulosikopu, ena ankawasunga m'labu kuti aone ngati tizilombo timera, ndipo pachifuwa ankamujambula. Nditangoyamba ntchito ndinkadabwa kuona munthu mmodzi yemweyo, njira iyi ikuti ali nacho, inayo ikuti alibe, mwakuti ndinkabwerera kukafufuza poganiza kuti ndasokoneza potayipa. Madamu anandiuza kuti zala zanga zinalibe mlandu. Palibe njira yoyezera imene siphonya, ndipo palibe ina yokhala pamwamba yoti iweruze zinzake. Ntchito yawo inali kutenga mmene njirazo zikugwirizanirana ndi mmene zikusemphanirana pa anthu ambirimbiri, n'kuwerengera kuti iliyonse imalola odwala ochuluka bwanji kudutsa osawagwira, komanso imanamizira anthu abwinobwino ochuluka bwanji.

Ndinawafunsapo kuti, "Nanga wodwala weniweni mumamudziwa bwanji?"

"Munthu mmodzi sindimudziwa, achemwali," anatero. "Masamu anga amadziwa gulu."

Tsiku limenelo ndinangoti ndi nkhani za anthu ophunzira. Koma chifuwa cha apongozi chitapitirira, ndinadikira nthawi ya tiyi anzathu atatuluka, n'kuwafotokozera zonse. Anasiya kompyuta n'kunditembenukira.

"Akutsokomola kuyambira liti?"

"Kuyambira powokera mpunga."

"Awonda?"

"Jekete likuwavala."

Anandiuza kuti mawu akuti alibe salemera mofanana pa anthu onse. Akanenedwa pa mnyamata wonenepa amene wangotsokomola masiku ochepa, ukhoza kuwakhulupirira. Akanenedwa pa nkhalamba imene yatha thupi ndipo yatsokomola mpunga kuchoka kunazale mpaka kucha, kukayika kumatsala kwakukulu, chifukwa maikulosikopu imagwira bwino pokhapokha tizilombo tikachuluka m'makhololomo.

"Komatu anawayeza kawiri," ndinatero. Ndinkafuna kuti anditsutse pang'ono, koma osati kwambiri.

"Kawiri n'kwabwino ngati botolo lililonse lili ndi makhololo enieni. Koma ngati munthu analavula malovu m'botolo loyamba, n'kulavulanso malovu m'lachiwiri, chimene chaphonyetsa loyamba ndi chomwecho chaphonyetsa lachiwiri. Zili ngati mboni ziwiri zimene zapangana kunyumba, ukazimva zonse wamva imodzi. Ngakhale pamasamu athu, ukaiwala zimenezi umadzinamiza kuti njira yako ndi yakuthwa pomwe ndi yobuntha. Kodi anawaphunzitsa ndani kalavulidwe kake?"

Funso limenelo ndinabwerera nalo kunyumba. Amama ndinawapeza akupeta mpunga. Ndinayamba ndi nkhani zina, kenako ndinafunsa mmene zinayendera kuchipatala kuja. Anati alangizi anafotokoza bwinobwino kuti munthu apume kwambiri n'kutsokomola kuchokera pansi, koma pamzere panali azimayi ambiri, ena a msinkhu wa ana awo, ndiye akuluwo anangopita kuseri, kulavula msanga, n'kubwerera.

"Nanga la m'mawa lija?"

Amama anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "M'mawa uja iwe unali pabwalo ukusesa. Munthu wamkulu angakhosomole n'kukoka zapakhosi mkamwana wake akumva? Yayi. Analavula mwaulemu n'kutseka."

Ndinakumbuka m'mawa umenewo, tsache lili m'manja, ine n'kumasesa pang'onopang'ono dala pafupi ndi nthochi kuti ndimve ngati achita bwino. Ndinkadabwa kuti kuli zii. Iwo ankadikira kuti ndichoke, ine ndinkadikira kuti atsokomole, ndipo amama ankafulumira kuti akapereke botolo dzuwa lisanakwere.

Ndinapempha kuti akayezetsenso. Amama anaika lichero pansi.

"Wafuna kuti ayezetse, ayezetsa. Achipatala akuti alibe. Sono ukufuna chiyani, kuti apezeke nacho?"

Mawu amenewo anandibaya, ndipo ndinayankha zimene mkamwana sayankha. Kutacha sindinamusiye mwana. Ndinamubereka mpaka ku Chilumba, n'kukamusiya kwa mayi wina wachisilamu wa ku Mangochi, amene ankagulitsa m'golosale pafupi ndi ofesi yathu ndipo tinkazolowerana. Anamulandira osafunsa zambiri. Ndinachita choncho mpaka mwezi unatha. Pakhomo panada. Mkaka unkabwerabe m'mawa uliwonse, koma amama ankangouika pakhonde osandipatsa moni. Masana akuluwo ankakhala okha pampando wawo, manja ali pamawondo.

Mwamuna wanga atabwera anapeza nkhani ili m'kamwa mwa mudzi wonse, yakuti mkamwana wa ku Dedza wathawitsa mwana ngati kuti agogo ake ndi mfiti. Anandikhazika pansi m'nyumba.

"Mayi a mwana, mwandichititsa manyazi. Madokotala anena kuti alibe. Inu mwaposa madokotala?"

"Madokotala anayeza zimene anapatsidwa. Anapatsidwa malovu."

"Munaliona botololo?"

Sindinalione. Ndinalibe chogwira m'manja, koma chifuwa chimene ndinkamva kuseri kwa nthochi ndi mawu a mayi wa masamu amene sanawaonepo apongozi anga. Mwamuna wanga anali ndi zotsatira za kuchipatala, ziwiri. Tinakangana mpaka mawu anandithera, ndipo pamapeto pake tinagwirizana kuti mwana azitsala ndi amama, koma azikhala panja, asamalowe m'nyumba ya agogo ake. Ndinadziwa kuti pangano limenelo lidzatha kabaza wanga akangokhota.

Komabe zonsezo zinali zochedwa kale. Mwana anayamba ndi kukana phala. Kenako thupi linkafunda madzulo, m'mawa n'kuzizira. Ndinathamanga naye kukabayitsa chala, akuti malungo alibe. Patapita masiku ndinakabayitsanso, akuti alibe. Kusikelo anesi anamuika pa sikelo, anamutsitsa, anamuikanso, n'kundifunsa ngati pakhomo pali njala. Mwana amene ankathamangitsa nkhuku pabwalo lonse tsopano ankangokhala pamene wamuika, maso ali pa iwe, osalira n'komwe. Kusalirako ndiko kunkandidya mtima. Ndipo tsiku lina ndikumusambitsa anatsokomola, kachifuwa kakang'ono kouma, kamodzi kokha. Ndinakhala pansi m'bafamo sopo ali m'manja.

Ndinapita naye kuchipatala chachikulu. Adokotala anali bambo wodekha, womvetsera. Anamupima, anamutumiza kukajambulitsa pachifuwa, ndipo chithunzicho anachiyang'ana nthawi yaitali atachikweza kuwindo. Anati pali kamthunzi, koma mthunzi wotere ungakhalenso chibayo wamba. Anati mwana wa msinkhu uwu satha kutulutsa makhololo, amangomeza, ndipo ngakhale utawapeza tizilombo timakhala tochepa moti zoyezera nthawi zambiri zimati alibe. Kwa ana, umboni waukulu umachokera kwa akuluakulu amene amakhala nawo.

"Pakhomo pali amene ali ndi chifuwa chachikulu?"

"Agogo ake akutsokomola kwambiri."

"Anayezetsa?"

"Kawiri. Akuti alibe. Koma ine ndikukhulupirira kuti analavula malovu."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene nkhani yotere si yachilendo kwa iye. Anati mankhwala a chifuwa chachikulu ndi a miyezi yambiri ndipo sawayambitsa mwachisawawa pa kamwana kotere, komanso matendawa akakhala mwa mwana wamng'ono sachedwa kukwera kumutu. Anandipatsa mankhwala a chibayo kuti tiyesere kaye. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa kabotolo kopanda kanthu.

"Mayi, ndibweretsereni makhololo enieni a agogowo. Mukachedwa, tidzasankha mongoganizira, ndipo sindifuna kutero pa mwana wanu ngati pali njira ina."

Ndinamuimbira mwamuna wanga ndili pageti pa chipatala. Nthawi iyi sanaseke. Anati adzalankhula ndi abambo ake yekha akabwera, ndidikire mwezi uthe, nkhani yotere si ya pafoni. Ndinamuuza kuti pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo amene akudikira mwezi kuthayo si iye koma mwana. Anati kuntchito sangamulole. Ndinadula foni.

Amama ndinawagwadira, kabotolo kali m'manja. Analira, chifukwa mwanayo ankamukonda, koma anakana. Anati akuluwo ananena kale kuti sadzalavuliranso m'botolo ngati mwana, ndipo iwo sangakawauze kuti mkamwana akuti mwadwalitsa mdzukulu wanu. Anati mawu amenewo akhoza kuwapha msanga kuposa chifuwacho. Anati tipemphere.

Kupemphera ndinapemphera. M'mawa mwake mwana anadzuka thupi lili moto, ndipo nditamupatsa madzi anangonyowetsa milomo n'kutembenuka. Ndinamufunditsa, ndinatseka chitseko, n'kudutsa m'nthochi muja. Kuyambira pamene ndinakwatiwa ndinali ndisanapondeko kukhola akuluwo alipo. Ndinawapeza atakhala pakampando, mutu atautsamiritsa pamimba pa ng'ombe, akukama. Anamva mapazi n'kuyankhula Chinkhonde poganiza kuti ndi amama. Nditapanda kuyankha anacheuka.

Aka kanali koyamba kuwaona pafupi. Masaya anali atalowa, maso aakulu, ofiira m'mbali. Anatembenuka msanga n'kundipatsa msana, ndipo chigubu cha mkaka chinagwa. Ine sindinagwade. Ndinaopa kuti ndikagwada pakamwa panga patsekeka.

"Abambo," ndinatero m'Chichewa, chimene ankachimva bwino, "mundikhululukire. Mwana akudwala kwambiri. Adokotala sangamupatse mankhwala oyenera asanadziwe chimene chili m'chifuwa mwanu. Mabotolo aja munaikamo malovu. Zoyezera zija zimaphonya zikapatsidwa malovu."

Ndinaona msana wawo ukuyamba kugwedezeka, dzanja likupita pakamwa.

"Musachimeze," ndinatero. "Chimenecho ndicho ndabwerera."

Ndinaika kabotolo pamtengo wa khola pafupi ndi dzanja lawo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ndinawauza kuti akoke mpweya wambiri, augwire, autulutse, abwereze, kenako atsokomole kuchokera pansi pamimba mpaka chituluke chimene chili m'katimo. Ndinawauzanso kuti sindichoka mpaka ndimve ndi makutu anga. Amama anali atafika kumbuyo kwanga, atagwira pakamwa.

Ng'ombe inasuntha miyendo. Kenako dzanja lawo linatenga kabotolo. Anakoka mpweya, ndipo chifuwa chimene anachibisa kwa ine nyengo yonseyo chinatuluka chonse. Chinawapinda pakati, chinawagwetsa pakampando, mwakuti anagwira mtengo wa khola kuti asagwe chafufumimba. Sindinawathandize, pakuti kuwagwira kukanakhala kuwavula kachiwiri. Atamaliza anatseka kabotolo n'kukaika pamtengo paja, nkhope ili kumbali. Munali zolimba, zachikasu, ndi timizere ta magazi.

Ndikutenga kabotoloko, anayankhula. Anali mawu awo oyamba kwa ine.

"Mwanayo ndamupatsa ndine?"

"Sindikudziwa, abambo. Tikamva kuchipatala."

Ndinkadziwa, ndipo iwonso ankadziwa. Zotsatira sizinachedwe. Njira yomwe ija ya maikulosikopu, imene inati alibe kawiri, inapeza tizilombo tambirimbiri. Adokotala anamuyambitsa mwana mankhwala tsiku lomwelo, akuluwonso anayamba awo, ndipo tonse pakhomo anatiyeza. Mwamuna wanga anabwera mwezi usanathe, kuntchito kuja atamulola bwinobwino. Anakapepesa kwa akuluakulu a banja chifukwa cha kukhola kuja monga mwa mwambo wawo. Ine sanandiuze kuti ndipepese, ndipo sindinafunse.

Masabata oyamba ndinkakhala ndi mantha amene sindingathe kuwafotokoza. Ndinkaphwanya mapiritsi m'supuni, mwana n'kulavula, ine n'kuyambiranso, uku ndikumuyang'ana khosi ngati lauma, maso ngati akutembenuka. Pang'onopang'ono kufunda kwa madzulo kunaleka. Anayamba kulira, ndipo ndinakondwa kumva kulira kwa mwana wanga kuposa nyimbo iliyonse. Tsiku lina analanda nthochi m'manja mwa amama n'kuimaliza yonse.

Akuluwo anasamuka okha. Tsiku lomwe anamva zotsatira ananyamula mphasa, kapu ndi mbale yawo n'kukakhala m'kanyumba kakale ka kuseri kwa khola. Achipatala anawauza kuti munthu akamwa mankhwala bwino kwa kanthawi sapatsiranso anzake, koma iwo sanasinthe maganizo. Mankhwala ankamwa mosadumphitsa. Thupi linabwerera, jekete linayambanso kuwakhala, chifuwa chinatha. Pomaliza mankhwala anakayezetsanso, ndipo amama anandiuza kuti nthawi iyi anakatsokomolera kuseri kwa chipatala mwamphamvu moti anthu a pamzere anacheuka. Zotsatira zinati alibe. Adokotala anawagwira chanza n'kuwauza kuti achira.

Koma m'kanyumba muja sanatulukemo. Mwana anali atachira, akuthamanga, ndipo akawaona patali ankakuwa kuti agogo n'kuyamba liwiro. Iwo ankaimirira, manja n'kuwaika kumbuyo, n'kuitana amama kuti adzamutenge. Mwanayo ankalira mpaka kudzigwetsa pansi. Mwamuna wanga analankhula nawo, abusa analankhula nawo, osathandiza. Pomaliza amama anabwera kwa ine. Anati popeza mpanda ndinauthyola kale, ndipite ndikawauze ndekha, mwina ine andimvera.

Ndinapita masana. Anali pakhomo pa kanyumba kawo akusoka chingwe cha ng'ombe, ndipo atandiona anatembenuza mpando n'kundipatsa msana. Nthawi iyi ndinagwada. Ndinawauza kuti mankhwala amaliza onse, thupi labwerera, chifuwa chatha, makhololo anapereka enieni, ndipo zonsezi zikunena chinthu chimodzi. Ndinati mwana akuwasowa.

"Poyamba paja anati ndilibe," anatero.

"Paja munapereka malovu. Pano n'zosiyana."

"Munanena nokha kukhola kuti zoyezera zimaphonya."

"Zimaphonya nthawi zina. Koma apa mpata woti zaphonya ndi wochepa kwambiri."

"Wochepa," anabwereza, ngati akulawa mawuwo.

Mtima unandipsa. Ndinawauza kuti ine mayi wake wa mwanayo, amene ndinamuthawitsa pakhomo pano anthu akundinena, ndine ndikuti amunyamule. Ndinati ngati akufuna ndilumbire, ndilumbira. Zala zawo zinkayenda pachingwe.

"Mkamwana, ndaga," anatero, kundithokoza m'Chinkhonde. "Munachita bwino kukhola kuja. Koma ine ndinamunyamula mwanayo nyengo yonse ija ndili ndi mtima woyera, achipatala atandiuza kuti ndilibe. Sindingamunyamulenso pa mawu omwewo."

Kuntchito ndinawafotokozera madamu. Ndinkayembekeza kuti andipatsa masamu ena oti ndikawagonjetse nawo akuluwo. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso, nati palibe nambala imene angandipatse yofika pa kulibiretu, ndipo nkhalambayo yamva bwino phunziro lake, kungoti yalimva mopitirira.

Akuluwo anakhala zaka zingapo pambuyo pake, athanzi, akuweta ng'ombe zawo, ndipo chimene chinawatenga ndi matenda ena. Mkaka wa mwanayo sunaphonye m'mawa ngakhale umodzi. Akapita kumsika ankamugulira timabisiketi n'kupatsira amama. Ndinkawaona nthawi zina ataima m'nthochi, akumuyang'ana akusewera, ndipo iye akangocheuka iwo ankabwerera kukhola. Mwanayo anasiya kuwathamangira. Kenako anasiya kuwaitana.

Pano ndi mtsikana wamkulu, ali kusekondale, ndipo za kudwala kwake sakumbuka chilichonse. Tchuthi chapitachi tinkaona zithunzi zakale ndi azisuweni ake, ndipo titafika pa cha agogo ake aamuna anachiyang'ana pang'ono n'kupatsira mnzake. Anati agogo amenewa amawakumbuka, anali munthu wosakonda ana.